Dzanja la Achimwene Silinafike Pakhutu

Ndikukumbukira m'mawa umene amayi anatitenga kukatilembetsa sukulu, ine ndi achimwene anga a Lakisoni. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, iwo zisanu ndi zinayi, koma munthu wokumana nafe panjira akanalumbira kuti wamkulu ndine. Achimwene anali aafupi, miyendo ngati mapesi, mutu wokha ndiwo unkaoneka kuti wakula. Zaka ziwiri zam'mbuyo amayi sanawalembetse chifukwa nthawi yolembetsa ikafika, iwo amakhala ali gone pamphasa, akugubuduka ndi m'mimba.

Tinkakhala ku Kasanda, m'nyumba yakale ya pamgodi imene agogo aamuna anapatsidwa akadali pantchito. Mgodiwo unatsekedwa ine ndisanabadwe, koma unatisiyira phiri lakuda la zotsalira za miyala, ndi fumbi. Fumbi lija linali paliponse. Ukasesa m'mawa, masana labwerera pawindo, pambale, m'tsitsi, ukatafuna chinthu umalimva likukukuta m'mano. Bambo anali ku Kopala, kumigodi ya kopa, kofuna ntchito, ankabwera mwa apo ndi apo. Amayi ankagulitsa tomato ndi vitumbuwa pamsewu. Agogo ankakonza njinga pansi pa mtengo wa gwafa umene unali pakhomo pathu.

Tsiku limenelo amayi anatidzoza mafuta mpaka nkhope zinkanyezimira, koma pofika kusukulu miyendo inali itatuwa kale. Mzere unali wautali, makolo ndi ana, dzuwa likuswa mtengo. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo pamenepo panakhala aphunzitsi achizimayi, choko chili m'manja ndi pachitenje, maso ofiira ndi kutopa. Mwana aliyense akafika ankamuuza chimodzimodzi: akweze dzanja, alidutsitse pamwamba pa mutu, agwire khutu la mbali inayo. Wogwira khutu ndiye kuti wakula, alembedwe. Wolephera ndiye kuti akadali khanda, abwerere kunyumba.

Ine ndinakweza dzanja, ndinagwira khutu langa mosavuta, mpaka ndinalikoka kuti aphunzitsi aone bwino. Kenako inafika nthawi ya achimwene. Anakweza mkono, anaupinda pamutu, zala zinayenda m'tsitsi ngati nyerere, zinayenda, zinayenda, basi zinaima. Khutu linali pansi pang'ono chabe. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo itatuluka.

"Ba ticha, uyu ndiye wamkulu," amayi anatero. "Uyu wagwira khutuyu ndi mlongo wake wamng'ono. Khadi la kukiliniki ndabwera nalo, onani."

"Mayi, makhadi ndaona ambiri lero, ena obwereka kwa aneba," anayankha aphunzitsiwo, osati mwaukali ayi. "Onani mzere uko. Malo ndi ochepa. Kamwana aka kazingolira m'kalasi. Mukadyetse, mubwere nako chaka cha mawa."

Achimwene sanalire. Anatsitsa mkono n'kumauyang'ana ngati si wawo. Pobwerera, anyamata amene ankasewera mpira wa mapepala pafupi ndi ngalande anali atamva kale. "Laki kaice! Mlongo wako wakusiya! Pita ukayamwe!" Kaice m'Chibemba ndi kamwana kakang'ono, ndipo dzinalo linawamatirira kuyambira tsiku lomwelo. Tisanalowe m'nyumba amayi anandigwira paphewa, zala zawo zikununkha mafuta a vitumbuwa. "Enelesi, tamvera. Yunifomu sipereka ukulu. Awa ndi achimwene ako, ndipo ndisadzakumve ukuwatcha iwe." Panopa ndine mayi, ndikudziwa chimene ankaopa.

Sukulu ndinayamba ndekha, ndipo sinandikomere. Chimene ndinkafuna ine n'kuyenda ndi achimwene, kulowa nawo pageti, kuti wina akandimenya ndizinena kuti ndikakunenera kwa akulu anga. M'mawa uliwonse ankandiperekeza, atandinyamulira pepala la pulasitiki lamakope, mpaka pamlatho waung'ono wa pangalande. Pamenepo ankandipatsa makope n'kuima. Ndikacheuka ndinkawaona ali chiimire, manja m'matumba a kabudula, kenako ankakhotera kuphiri lakuda kumene ana osapita kusukulu ankatsetsereka atakhalira makatoni. Madzulo ankabwera ali mbuu, maso okha ndi mano zikuoneka, n'kundifunsa kuti lero mwaphunzira chiyani.

Nzeru yotalikitsa mkono inali yawo. Tsiku lina tikuchokera kotunga madzi anaika chigubu pansi n'kunena kuti, "Enelesi, ndaganiza. Vuto si ine, vuto ndi mkonowu. Ukangotalika pang'ono, ndakula." Ine ndinaona kuti n'zoona. Aphunzitsi sanafunse mutu, sanafunse mimba, anafunsa mkono.

Ndiye tinayamba ntchito. Chigubu cha madzi ankachinyamula ndi dzanja lamanja lokha, chikuwakokera pansi, akuyenda chopendekera ngati nkhanu. Pogona ankaugonera mkonowo utapindidwa pamutu. Koma mankhwala aakulu anali mtengo wa gwafa. Agogo akangokwera njinga kupita kutauni kukagula zigamba ndi guluu, achimwene ankakwera pachitini, n'kugwira nthambi ndi dzanja limodzi, ine n'kuchotsa chitinicho. Ankalendewera mpaka nkhope kuchita kuda. Akatsika tinkayeza: iwo dzanja pamutu, ine ndikulowetsa zala zanga pampata wotsala pakati pa chala chawo ndi khutu. Masiku ena ndinkawanamiza kuti mpata wachepa, chifukwa akamva choncho ankaseka, ndipo achimwene akaseka nyumba yonse inkapepuka.

Nthawi yotentha itafika, fumbi likuuluka ngati utsi, anaona kuti zikuchedwa. "Januwale wayandikira," anatero. "Lero ndikalendewera, iwe undigwire miyendo, ulendewerenso."

"Achimwene, mupweteka."

"Wamkulu ndani pano? Gwira."

Ndinawakumbatira mawondo n'kunyamula mapazi anga. Ndinamva kuti khwa! Poyamba ndinayesa ndi nthambi. Tinagwa tonse m'fumbi, ine pansi iwo pamwamba, ndipo nditadzuka ndinaona phewa lawo lakhala molakwika, latsika, mkono ukulendewera ngati wa chidole. Sanakuwe. Milomo yokha inatuwa, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Watalika?"

Mwamwayi agogo anatulukira nthawi yomweyo. Sanafunse zambiri. Anamanga mkonowo ndi chitenje cha amayi, anawakhazika achimwene pakaliya ya njinga, n'kuyamba kupalasa, ine ndikuthamanga pambuyo, ndikulira, mpweya ukundithera, mpaka kukiliniki.

Phewa analibwezera. Pamenepo ndiye achimwene anakuwa, mpaka amayi ena amene anali pabenchi panja anagwira pamtima. Koma chimene sindiiwala ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Anesi anawakweza pasikelo, anawaimika pakhoma pamene panali mizere, kenako anafunsa agogo zaka za mwanayo. Agogo atanena, anesi aja anasiya kulemba. Ine ndinkawayang'ana nkhope, ndipo ndinaona ikusintha. Anawatsitsa achimwene mlomo wam'munsi n'kuyang'ana nkhama, anawatsegula zikope, n'kuyamba kufunsa: amasewera kuti? M'mimba mumamupweteka? Nanga mutu? Amaiwalaiwala?

"Ba shikulu," anatero kwa agogo, kuwatchula agogo m'Chibemba, "mkono uchira. Koma mwanayu sakukula chifukwa cha fumbi lija. Ndi ledi. Tiyeneka timuyeze magazi."

Aka kanali koyamba kumva mawu amenewo, ledi, umene ena amati mtovu, chitsulo chimene ankakumba mumgodi muja. Anatiuza kuti tizisamba m'manja tisanadye, tiziwaza madzi pabwalo tisanasese, asapitenso kuphiri, azidya mazira ndi mkaka. Amayi atamva za mazira ndi mkaka anangoyang'ana beseni lawo la tomato. Sanatimenye tsiku limenelo. Ine ndikanakonda akanatimenya.

M'mawa mwake sindinapite kusukulu. Ndinakhala pafupi ndi agogo pansi pa mtengo uja, iwo akuviika chubu m'beseni la madzi kufunafuna pamene pakutuluka thovu. Achimwene anali pakhonde, mkono uli m'nsalu. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: ngati khadi likunena china, mkono china, sikelo chinanso, ndiye achimwene ndi aakulu bwanji kwenikweni? Koma funso limene linatuluka linali lina.

"Agogo, inuyo muli ndi zaka zingati?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ukufunsa ziti, mayi wanga? Za kumgodi, za kutchalitchi, kapena za m'mawondomu?"

Ndinati zonse. Anapukuta chubu ndi malaya, n'kuyamba kupala pobowoka paja ndi kachidutswa ka sandipepa, ndipo anafotokoza akugwira ntchito, osandiyang'ana. Anati kwawo ku Dedza palibe amene analemba tsiku limene anabadwa. Amayi awo ankangoti anabadwa chimanga chikumasula. Atafika kuno kudzafuna ntchito, anawaimika pamzere ali chivulire malaya, kalaliki akuyenda ndi ndodo, kuwauza akweze manja. Wokhala ndi tsitsi m'khwapa ndiye mwamuna, alembedwe, wopanda abwerere. Agogo anali atadzipaka makala m'khwapa, kalaliki sanayandikire chifukwa cha fungo la thukuta, anangowayang'ana n'kulemba zaka zimene zinamubwerera m'mutu, zochuluka. Zaka zimenezo zinawapatsa ntchito, ndipo zomwezo zinadzawachotsa ntchito akadali ndi mphamvu zonyamula thumba la chimanga. Kutchalitchi powabatiza, abambo mfumu anawaona nkhope yosalala n'kuwalembera zochepa.

"Ndiye zoona ndi ziti?" ndinafunsa.

"Dikira. Tinabwera awiri, ine ndi mnzanga Zakeyu. Tinabadwa mvula imodzi, amayi athu ankabwerekana mbereko. Ine anandipatsa njinga, ndizipereka makalata m'maofesi. Zakeyu anamuika kung'anjo kosungunula miyala, ndalama zake zinali zambiri kuposa zanga, ndinkamuchitira nsanje. Koma mwana wake woyamba asanamere ndevu, Zakeyu anali atagwira kale ndodo. Mano anatha, manja ankanjenjemera, kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Tikamayenda limodzi anthu ankati, mukuwaperekeza kuti bambo anu? Ndiye undiuze iwe wa kusukulu, pa awirife wamkulu anali ndani?"

Agogo anapaka guluu, anauzira, anamata chigamba n'kuchikanikiza ndi chala chachikulu.

"Mvula imagwa chimodzimodzi pa tonse," anatero. "Koma thupi siliwerenga mvula. Limawerenga zimene lameza." Kenako anakweza mawu kuti a pakhonde amve. "Iwe Lakisoni! Ukakhudzanso mtengo wanga ndikudula mkono winawo. Munthu samukoka ngati chubu."

Achimwene anaseka, ngakhale kuseka kunkawapweteka paphewa.

Januwale anafika. Ulendo uno anatiperekeza ndi agogo, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Patebulo panali aphunzitsi omwe aja. Ine ndinaima pambali ndi yunifomu yanga, ndikupemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ndikuwasakanizasakaniza. Achimwene anakweza mkono umene unavulala uja. Zala zinayenda m'tsitsi, zinafika pomwe paja, zinaima. Ndiye ndinaona akupendeketsa mutu pang'onopang'ono, khosi likupindika, mpaka nsonga ya chala inakhudza nsonga ya khutu.

Aphunzitsi anaona. Ndikudziwa kuti anaona, chifukwa anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana agogo, kenako anapumira m'mwamba. "Basi, basi, wongoka usanathyole khosi. Dzina?"

Chaka chimenecho ndicho chimene ndimachisowa kuposa zonse. Tinkawoloka mlatho uja limodzi. Tinkagawana chitumbuwa chimodzi kuseri kwa kalasi, iwo akundipatsa mbali yaikulu chifukwa ndi aakulu. Ine ndinali kalasi imodzi patsogolo, koma potuluka ndinkawapeza akundidikira pageti, malaya atapisira bwinobwino, ndipo mnyamata wina atandikoka tsitsi anamugwetsa pansi, ngakhale mnyamatayo ankawaposa msinkhu. Ndinkaona ngati zatha, tapambana, achimwene akula.

Koma zilembo sizinkakhala m'mutu mwawo. Zimene aphunzira lero, mawa zapita. Mutu unkawapweteka, ankagona padesiki, nthawi zina ankapsa mtima popanda chifukwa n'kudzalira pambuyo pake. Mankhwala analandirapo, koma akamwa ankabwerera kunyumba komwe kuja, kufumbi lomwe lija. Atafika giredi folo anzawo a m'kalasi anali tiana, ndipo amene kale ankawatcha kaice tsopano ankawaseka kuti bambo a kalasi. Anasiya. Anapita kuphiri lakuda, osati kukatsetsereka tsopano, koma kukakumba ndi kutola miyala yogulitsa, monga anyamata ambiri a kwathu. Inenso ndinalekezera giredi seveni. Agogo ankapalasabe njinga mpaka sabata limene anamwalira, ndipo pamaliro akuluakulu anakangana kuti anene zaka zingati, mpaka anangoti anali munthu wamkulu.

Panopa ndimakhala ku Chowa, kufupi ndi mgodi womwe uja, ndi amuna anga ndi mwana wathu mmodzi, Mapalo, wa zaka zinayi. Achimwene mpaka pano sanafikebe zaka makumi atatu. Mwezi wathawu ndinawaperekeza kuchipatala cha mutauni chifukwa miyendo yayamba kutupa. M'minibasi munali modzaza, ndipo kondakitala atawaona akukwera movutikira, msana wopindika, masaya olowa, anamenya mnyamata wina paphewa. "Iwe, nyamuka, mudala akhale!" Mnyamata amene ananyamukayo ndikumudziwa, anabadwa chaka chimodzi ndi achimwene. Ndinafuna kukuwa kuti si mudala, ndi mnyamata, sanakwatire n'komwe! Koma iwo anathokoza n'kukhala, ndipo ndinaona kuti mpandowo ankaufunadi.

Njira yonse ndinkafufuza m'mutu mwanga kuti kodi unyamata wawo unali liti. Ndinawadziwa ali kamwana kosakula, ndikuwaona lero ali nkhalamba. Pakati pake sindikupapeza. Ndayesa kukumbukira tsiku limodzi lokha limene anaima ali mwamuna wamphamvu, mapewa otambalala, atsikana akuwacheukira, koma palibe.

N'chifukwa chake ndili ndi mantha, ndipo sindibisa. Mapalo ndimamuyang'ana ngati mphika wa mkaka uli pamoto. Akatola kanthu pansi ndafika kale, akaika chala m'kamwa ndamuchotsa, pabwalo ndimawaza madzi mpaka aneba amandiseka kuti bana Mapalo, amake Mapalo inu, mufuna kudzala mpunga? Akagona ndimamutsitsa mlomo kuona nkhama. Akaiwala nyimbo imene ndinamuphunzitsa dzulo, ndimamuimbitsanso, ndimamuimbitsanso, mpaka amalira. Kukiliniki anamuyeza magazi, anati tizibwera nayebe. Amuna anga amati tikapeza nyumba ku Kamushanga, kutali ndi fumbili, tisamuka, ine ndimafunsa kuti liti, iwo amati posachedwa. Anthu akandifunsa kuti mwanayu ali ndi zaka zingati ndimayankha kuti zinayi, iwo n'kuti ndi wamng'ono thupi eti, ine n'kuseka nawo, koma ndikafika kunyumba ndimamutsitsanso mlomo kuona nkhama.

Lamulungu lapitali achimwene anabwera kudzationa. Anakhala pampando panja, akupuma mwapang'onopang'ono, ndipo anatulutsa m'thumba kagalimoto ka mawaya kamene anamupangira mwanayo. Mapalo anakalandira ndi manja awiri monga ndinamuphunzitsa, n'kunena m'chinenero cha bambo ake, "Natotela, ba shikulu." Anawathokoza ngati agogo.

"Si agogo ako amenewo!" ndinakalipa, mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinafunira. "Ndi amalume ako. Nena kuti zikomo amalume."

Mwanayo anadzidzimuka. Achimwene anamukokera pamwendo pawo n'kumusisita mutu ndi dzanja lawo limene tsopano limanjenjemera.

"Musiye, Enelesi," anatero. "Mwana wanena zimene waona."

Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga madzi, ndinakaima kuseri kwa chitseko.

Kale ndinkayesa kuti munthu amakula chaka ndi chaka ngati kukwera makwerero, ndipo aliyense amapatsidwa makwerero ofanana. Tsopano ndikudziwa kuti pali ena amene amawadumphitsa, ndipo palibe khadi kapena sikelo imene imalemba zimene munthu walandidwa. Anzanga kutchalitchi amapempherera ana awo kuti adzakhale ndi moyo wautali. Ine sindifika kumeneko. Ndimangopempha kuti Mapalo adzakhale mnyamata, ndidzamuone ndi maso angawa akulowa pakhomo atawerama kuopa kugunda mutu, ali ndi njala, akundisowetsa mtendere, ndipo unyamatawo udzamukhalitse.